Masiginecha sachotsa phungu, sonkhanitsani umboni

Abale anga, nkhani yoti "tisayinitse anthu timuchotse phungu" yandikwana. Ikumveka ku Chibavi, ku Zolozolo ngakhale mumsika waukulu wa Mzuzu, ndipo alipo akamberembere oyenda m'makomo kutolera ndalama, ati za kalata yokachotsera munthu pampando. Musawapatse ndi tambala yomwe. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe linkapatsa ovota mphamvu imeneyi, aphungu analichotsa mu 1995. Gawo 65 ndi nkhani ina: limakhudza phungu wochoka m'chipani chomwe anapambanira n'kulowa china, ndipo wolengeza kuti mpando ulibe munthu ndi Sipikala, osati inu.

Otaya mtima ndi andale sindiwadzudzula. Anaona kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate mu 2013, anaonanso khoti likufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Chondiwawa n'kuchedwa kwathu. Mdadada wa sukulu wa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, umaima pamawindo, kontirakitala n'kusowa. Anthu amangong'ung'udza chamumtima zaka ziwiri, poti bwana anagula bokosi pamaliro ndi kugawa ndalama pamsonkhano, chikhalirecho lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti. Podzadandaula, malisiti anatayika, simenti yotsala inagulitsidwa kalekale, a komiti ya ntchitoyo anasayina mapepala osalembedwa kanthu atalandira ya fanta. Oyamba kufunsidwa amakhala a komiti omwewo, chifukwa dzina looneka papepala ndi lawo.

Ntchito ikangoima, jambulani zithunzi, lembani tsiku, dzina la kontirakitala ndi matumba a simenti amene anafikadi. Lemberani khonsolo kupempha mgwirizano wa ntchitoyo ndi ndalama zomwe zatuluka kale. Lamulo la ufulu wopeza uthenga la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Kalata yanu aidinde, inu musunge kope. Phungu amayeneranso kuulula chuma chake pasanathe miyezi itatu atasankhidwa, kenako chaka ndi chaka, potsata lamulo la 2013, ndipo mukhoza kupempha kuona zimene analemba.

Zikapanda kugwirizana, ofesi ya ACB, bungwe lolimbana ndi katangale, ili mu Mzuzu momwe muno, ndipo kudandaula n'kwaulere. Pitani nokha ndi mapepala anu. Wina akakuuzani kuti amadziwana ndi akuluakulu kumeneko, mum'patse ya thiransipoti akafulumizitse, ameneyo ndi dobadoba, ndipo mapepala enieni musam'gwiritse.