Jakisoni amene madokotala a ku Indonesia anakana kubaya

Mu Epulo 2016, mtsikana wa zaka 14 ankachokera kusukulu m'chigawo cha Bengkulu, pachilumba cha Sumatra ku Indonesia. Amuna 14 anamugwiririra, kumupha n'kutaya mtembo wake kuchigwembe. Dziko lonse linapsa mtima, ndipo m'pomveka. Mu Meyi, Pulezidenti Joko Widodo anasayina lamulo lachangu lolola makhoti kugamula kuti ogwiririra ana azithenedwa ndi mankhwala. Nyumba ya malamulo inalivomereza mu Okutobala.

Kuthena kwake si kwa mpeni monga tichitira ndi mbuzi. Munthu amabayidwa mankhwala otsitsa testosterone, mphamvu ya m'thupi imene imadzutsa chilakolako. Ku California, m'dziko la America, kumene lamulo lotere linayamba mu 1996, anatchula mankhwala omwewo amene amayi amalandira kusikelo pa jakisoni wolera wa Depo. Mwamuna akawalandira nthawi yayitali mafupa amafooka, thupi limanenepa, ena mabere amatupa. Akangosiya, chilakolako chimabwerera.

Mkangano unabukira pa funso limene andale analilumpha: adzagwire jakisoniyo ndani? Bungwe la madokotala a ku Indonesia, lotchedwa IDI, linakanitsitsa kwamtuwagalu. Linati dokotala analumbira kuchiritsa, ndiye sangabaye munthu mokakamiza mankhwala omufooketsa thupi chifukwa choti woweruza walamula. Ambiri anawanyoza kuti akuikira kumbuyo zigawenga. Ine sindiona choncho. Kalekale mu 1952, ku Britain, Alan Turing, katswiri wa masamu uja, anapatsidwa mankhwala otere chifukwa chogonana ndi mwamuna mnzake wamkulu. Boma likazolowera kubwereka manja a dokotala polanga, palibe angalonjeze kuti lidzalekera pa anthu amene tonse tikuwada.

Mu 2019 khoti la ku Mojokerto, ku Indonesia komweko, linagamula koyamba chilangochi kwa bambo amene anagwiririra ana 9, kuwonjezera pa zaka 12 za kundende. Ndondomeko yobayira inalibe n'komwe. Inatuluka kumapeto kwa 2020, ndipo imati jakisoni amayamba munthu akamaliza kugwira ukaidi, kwa zaka zosapitirira 2.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Zaka ziwirizo zikatha, bamboyo abwerera kumudzi thupi lili monga kale, pokhapokha ngati uphungu wamusintha maganizo. Kumene madokotala amaona phindu la mankhwalawa n'kumene wolakwayo wavomera yekha ndipo akulandiranso uphungu. Si onse amagwiririra chifukwa cha chilakolako chokha; ena ndi nkhanza, ena uchidakwa, ndipo ambiri ndi anthu amene mwana amawadziwa, moti banja limakwirira nkhaniyo isanafike kupolisi. Woteroyo jakisoni samupeza.

Ngakhale pa mlandu wa ku Bengkulu womwewo, ena mwa opha mtsikanayo anali osafika zaka 18, ndipo lamuloli silikhudza olakwa amsinkhu umenewo.