Zogwetsana za pa TV: Ululu Wake Si Wabodza

Anthu ambiri akamaonera zogwetsana za kampani ya ku America ya WWE amangoti, "Zonsezi n'zabodza, palibe amene amavulala." Mbali ina akunena zoona: wopambana amasankhidwiratu masewera asanayambe, ndipo kampaniyo inavomereza yokha kwa opanga malamulo a boma la New Jersey ku America mu 1989 kuti cholinga n'kusangalatsa anthu, osati mpikisano weniweni.

Koma kugwa n'kugwa basi. Bwalo lija si matiresi ayi: ndi matabwa oyalidwa pa zitsulo, pamwamba pake kasiponji kopyapyala ndi chinsalu. Wogwetsana amaphunzitsidwa kugwa chagada, manja atatambasula, chibwano chili pachifuwa kuti mutu usamenyeke, komabe msana ndi khosi zimatha pang'onopang'ono.

Mu 1997, pa masewera aakulu a kampaniyi otchedwa SummerSlam, wogwetsana wina, Owen Hart, anagwetsa mnzake Steve Austin chamutu, ndipo khosi la Austin linavulala moti anagona pansi kwa kanthawi osatha kudzuka. Chaka chotsatira wogwetsana wina, Mick Foley, anaponyedwa kuchokera pamwamba pa khola lachitsulo, pafupifupi mamita 5, n'kuthyola tebulo la olengeza masewera. Ameneyo mungamuuze kuti zinali zabodza? Wina wotchedwa Edge nayenso anasiya zogwetsana mu 2011 chifukwa cha khosi, ndipo anabwereranso mu 2020.