Mapiri anametedwa mpala, mitengo inatsala kumanda

Mukakwera basi pa Dedza kulowera ku Ntcheu m'mwezi wa Okutobala, yesetsani kupeza mpando wa kuwindo. Kuyambira pamphambano ya ku Bembeke, kudutsa pa Lizulu, mpaka kukatsetserekera ku Biriwiri, mudzaona minda yokwera mpaka pamsonga pa zitunda, ndi mapiri amene atsala miyala ndi lupsa. Koma apa ndi apo diso limagwa pa kankhalango kowirira, kakuda bii, ka mitengo yachilengedwe yokhayokha: misuku, miwanga, mombo, nthawi zina mkuyu waukulu pakati. Mlendo amayesa ndi ntchito ya bungwe lina lobzala mitengo. Ife eni dera timadziwa kuti amenewo ndi manda.

Kumandako kulibe chikwangwani, kulibe mlonda, kulibe waya. Komabe munthu amene usiku amagwetsa mitengo m'nkhalango ya boma n'kuotcha makala, akafika pamalire a manda a kwawo amabweza nkhwangwa paphewa. Ena amati ndi mantha chabe, kuopa mizimu, ndipo mbali ya Dedza kumene kuli gule amawonjezera kuti kumeneko ndi kudambwe, wosameta sayandikirako. Mantha alipo, sindikana. Koma amene anaonererapo mlandu wa munthu wotola nkhuni kumanda akudziwa kuti palinso china. Aliyense amadziwa mwini malowo, amadziwa woweruza, amadziwa chindapusa, ndipo mbuzi ikaperekedwa imaphedwa anthu akuona, n'kudyedwa m'mudzi momwemo. Palibe amene amafunsa kuti lisiti lili kuti. Adzukulu amalowa mfumu ikaloleza, amadula zoyenera pa maliro, n'kutuluka. Mkangano wa nkhalango, wa madambo ndi wa m'mbali mwa mitsinje umene ukuvuta m'midzi yathu lero wagona pakuti malo enawa, mosiyana ndi manda, akhala akusinthasintha eni kwa zaka zoposa 100.

Angoni a Maseko atakhazikika kuphiri la Domwe anapeza Achewa ali ndi midzi yawo, ndipo ngakhale mkondo unali wa Inkosi, kugawa minda kunatsala m'manja mwa nyakwawa ndi eni mbumba. Tchire linali ndi nthawi yake. Udzu wofolera sumamwetedwa mfumu isanatsekule, moto sumayatsidwa anthu asanamwete, uzimba umachita kulengezedwa. Azungu atabwera anayamba ndi kudula dzikolo pakati. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linasiya Domwe mbali ya Mozambique, ndipo n'chifukwa chake lero pa Lizulu munthu umagula tomato ku Malawi n'kuwoloka msewu kukamwa tiyi kudziko lina. Mu 1896 asilikali a Angerezi anapha Inkosi ya Angoniwo, Gomani Chikuse, yemwe manda ake ali ku Nkolimbo kumene Angoni amasonkhana pa Umhlangano. Lamulo la 1912 linasandutsa mafumu antchito a bwanamkubwa, othandiza kutolera msonkho ndi kufalitsa za boma.

M'zaka za m'ma 1920 boma linayamba kulemba malire a nkhalango zake: Chongoni, phiri la Dedza, Mua-Livulezi, Dzonzi, Mvai. Malo amene anthu ankasakako, kufulako uchi ndi kuzulako bowa anasanduka a boma, ndipo mawu oti "za boma" analowa m'kamwa mwa anthu ndi tanthauzo limene sanalitayebe, loti chinthu chopanda mwini pafupi, chongofunika kuchenjera ndi mlonda. Tisaiwale kuti atsamunda omwewo anachitaponso chinthu chanzeru. Kuyambira 1926 analola mudzi uliwonse kupatula nkhalango yakeyake pansi pa nyakwawa, yodulamo milimo ndi phaso ndi chilolezo chake. Nkhalango za m'midzizi zinafalikira msanga m'chigawo chapakati, ndipo sizodabwitsa, poti zinali ngati manda aja: mwini wake anali wodziwika ndipo ankagona m'mudzi momwemo. Mu 1933 mafumu akuluakulu anapatsidwa mphamvu zoika malamulo m'madera awo ndi mabwalo awo a milandu. Philip Gomani, mwana wa wophedwa uja, anali mmodzi mwa mafumu amene boma linkawanyadira, chifukwa ankalimbikitsa anthu ake ukhondo ndi kusamala nthaka.

Kenaka kunabwera malimidwe. Agogo anga akamatchula liwu limeneli ankachita ngati alavule. Lamulo la zachilengedwe la 1946 ndi ulamuliro wa Geoffrey Colby, amene anakhala bwanamkubwa kuyambira 1948 mpaka 1956, zinachititsa kuti kulima kukhale nkhani ya kukhoti. Makolo athu ankalima matutu. Boma linati matutu akukokolola nthaka, aliyense agalauze mizere yopingasa chitunda, akumbe migula, asiye kulima m'mbali mwa mtsinje ndi m'malo otsetsereka kwambiri. Njala ya 1949 itasautsa dziko, azunguwo anangoti mwaona, n'kumangitsa chingwe. Mlangizi ankalowa m'munda mwa munthu ndi ndodo yoyezera, akapeza mzere wokhota amalemba dzina, mwini munda amakalipa, akalephera amakalowa m'ndende. Nthawi zina mbewu zimazulidwa zitamera kale. Migula imakumbidwa m'chilimwe, nthaka ili gwaa, nthawi imene amuna ambiri anali ku Joni ndi ku Halale, ndiye khasu limagwera amayi ndi ana.

Chowawa n'chakuti mizereyo sinali yolakwika. Lero palibe mlimi wa ku Ntcheu amene angalime chimanga pa matutu, ndipo zidzukulu za anthu amene anamangidwa chifukwa chokana migula ndi zomwe zikukumba akalozera ndi kubzala vetiva osakakamizidwa ndi munthu. Chimene anthu ankadana nacho n'chakuti munda wa mbumba yako, umene anakulozera amalume ako, ubwere kudzalamulidwa ndi mnyamata wovala kabudula wa khaki amene sadziwa n'komwe kuti mvula ikagwa madzi amadzera pati. Ndipo woweruza milanduyo anali mfumu yomwe ija. Akuluakulu amati mfumu ndi dzala, zonse zimatayidwa pa iyo, koma apa inatayiridwa zinyalala za eni.

Mu 1953, pamene Angerezi ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Gomani anasankha mbali. Sanatole mkondo. Analengeza kuti anthu ake asiye kumvera malamulo a malimidwe, a nkhalango ndi a ziweto. Taganizani, mfumu imene inatchuka ndi kusamala nthaka ndi imene inauza anthu kuti aleke, chifukwa inadziwa kuti pamenepo m'pamene boma limakhudzana ndi munthu wamba tsiku ndi tsiku. Boma linamuimitsa ufumu n'kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. M'mwezi wa Meyi apolisi anafika pa Lizulu kudzamutenga, iye ali wodwala, koma anthu anatchinga, panabuka chipwirikiti, ndipo Inkosi inazembetsedwa kuwoloka malire kulowa kwa Apwitikizi pamodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa wachingerezi Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Scott anathamangitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani anamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo. Kuyambira pamenepo, kuphwasula mgula kapena kulima mpaka m'madzi a mtsinje kunakhala ngati kuvota, ndipo a chipani cha Nyasaland African Congress anadziwa kuti pamsonkhano ukangotchula malimidwe anthu aimirira.

Dr Banda atatenga unduna wa zachilengedwe mu 1961 anathetsa zomanga alimi, nati mlangizi azinyengerera. Koma mphamvu sizinabwerere kwa nyakwawa. Lamulo la mafumu la 1967 linapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu zolonga ndi kuchotsa mafumu, ndipo m'mudzi munalowa tcheyamani wa chipani ndi ayufi, amene mawu awo ankalemera kuposa a bwalo. Nkhalango zambiri za m'midzi zija zinazilala m'zaka zimenezi, zina zinagawidwa minda anthu atachuluka. Ife a sukulu tinkabzala bulugamu ndi malaina pa tsiku lobzala mitengo mu Januwale, mbuzi n'kudya mu Febuluwale. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, abale athu a tsidya la msewu anathawira kuno miyandamiyanda, ndipo aliyense ankafuna mitengo yomangira ndi nkhuni. Ena amakonda kukankhira mlandu wonse kwa othawa nkhondowo. Iwo anabwerera kwawo mtendere utabwera mu 1992, koma nkhwangwa sinapume. Itafika 1994 anthu anamva kuti kwabwera ufulu, ndipo kwa ambiri ufulu woyamba unali wolowa m'nkhalango ya boma masana.

Apa m'pamene panabadwira makomiti amene tikukangana nawo lero. Lamulo la nkhalango la 1997 linabwezeretsa nkhalango za m'midzi, koma tsopano ndi komiti yosankhidwa yoona zachilengedwe, imene ambiri amangoti VNRMC, malilime akupindika. Mu 1998 kunabwera mphamvu ku anthu: komiti ya chitukuko ya VDC kwa gulupu aliyense, ya ADC kwa mfumu yaikulu, mapulani a chitukuko ochokera kumudzi kukwera mpaka kukhonsolo. Mfumu inauzidwa kuti isakhale wapampando wa VDC, ikhale mlangizi chabe. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo mipando yawo inakhala yopanda anthu mpaka 2014, kotero kwa zaka zisanu ndi zinayi mapulani aja ankakwera makwerero othyoka pakati. M'nkhalango za Mua-Livulezi ndi Dzonzi-Mvai anayesa zogawa zigawo kuti midzi yozungulira izisamala limodzi ndi boma, ndi thandizo la European Union. Mu 2016 lamulo la malo a makolo linawonjezera komiti ina, ya gulupu ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo amayi, yolembetsa minda. Kuno kwathu kumene mwamuna amakhala pachikamwini ndipo munda ndi wa mbumba, funso loti papepala palembedwe dzina la yani lakhala likudanitsa alongo ndi alongo awo.

Sindinyoza makomitiwa. Amayi amene kale pabwalo ankangokhala kumbuyo n'kumalulutira lero amagwira buku la ndalama, ndipo mafumu ena anali atayamba kugulitsa madambo ndi mapiri ngati mbatata, moti pafunikadi wowayang'ana m'manja. Vuto n'lakuti munthu mmodzi wogwidwa ndi thumba la makala lero ali ndi zitseko zingapo zogogoda. Komiti ikamulanda nkhwangwa amathamangira kwa amfumu, amfumu akamulipitsa amati lamulo la boma silitero, a zankhalango akamutenga amakadandaula kwa khansala, khansala akuwerenga mavoti. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, koma njinga za makala zikutsikabe m'mapiri m'bandakucha uliwonse. Zotsatira za kudula mitengoku tinaziona kale pamene damu la Mpira, limene madzi ake amachokera ku Mvai n'kumwetsa anthu mpaka ku Balaka, linaphwa n'kusiya mipopi ili gwaa. Anthu a ku Balaka amene sanadulepo mtengo ku Mvai ndi amene anasenza zidebe.

Kwathu kuli kaphiri kamene mayina ake ndi atatu malinga ndi amene akulankhula. Achikulire amati ndi nkhalango ya mfumu, chifukwa anaipatula agogo a mfumu yathu nthawi ya azungu. A komiti amati ndi nkhalango ya mudzi ndipo ali ndi pepala losainidwa. Banja lina limati kumunsi kwake kunali munda wa azakhali awo, ndipo chaka chilichonse mizere imakwera iwiri kapena itatu. Chaka chatha tinakhala pansi pa kachere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wapampando wa komiti, mayi wolimba mtima amene amaweta njuchi, anaimirira nati: "Zikomo amfumu, ife tikugwira akuba, koma mbuzi ikabwera sitiiona." Nduna inayankha kuti nawonso a komiti akapita kumaphunziro kuboma salengeza za alawansi. Anthu anaseka, koma onse awiri ananena zoona. Anagwirizana kuti chindapusa chiziperekedwa pabwalo, theka lipite kukagula machubu a nazale, theka litsale kwa amfumu, ndipo malire a kumunsi abzalidwe khonje kuti mizere isakwerenso. Khonjeyo anabzala. Wina anazula mitengo isanu ya pakona mvula isanathe.

Pamsonkhano womwewo mnyamata wina wa komiti anapempha kuti manda athu alembetsedwe ngati nkhalango ya mudzi, poti ndiye malo okhawo otsala ndi mitengo ikuluikulu, ndipo atalembetsedwa tikhoza kulandira ming'oma ya njuchi n'kukolekamo. Ananenanso, ndipo sananame, kuti ziliza za simenti zayamba kudya mitengo kumandako, chifukwa womanga chiliza amadula mizu n'kugwetsa chilichonse chimene chingang'ambe simenti yake. Bwalo linati zii. Amfumu anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anati nkhani ya kumanda siyankhidwa pamaso pa ana ndi akamwini, ayamba afunsa azakhali awo ndi akulu a adzukulu. Mnyamatayo anafunsa ngati alembe zimenezo m'maminitsi. Anamuuza kuti atseke buku.