Mtengo wa maapozi suphunzitsidwa kupirira chisanu

Ambiri amakhulupirira kuti mtengo wa zipatso ukabzalidwa kudera lozizira kwambiri umazolowera pang'onopang'ono, kenako njere zake n'kumabereka mitengo yolimba. Si choncho ayi. N'zoona kuti mtengo umayoyola masamba n'kugona chisanu chikamayandikira, koma malire a kuzizira komwe ungapirire ali m'chibadwa chake.

Mlimi wina dzina lake Peter Gideon atafika ku Minnesota, kumpoto kwa America, mu 1853, adabzala mitengo yambirimbiri ya maapozi, ndipo chisanu chidapha pafupifupi yonse. Yomwe idapulumuka sidaphunzire kanthu, inali yolimba kale. Iye sadagwe ulesi, adapitiriza kufesa ndi kusankha mpaka mu 1868 adapeza mtundu wa Wealthy, womwe adautcha dzina la mkazi wake. Kupirira kwa bamboyu kumandigwira mtima.

Akatswiri a University of Minnesota amatenga mungu wa mtengo wolimba n'kuuthira pa duwa la mtengo wa zipatso zokoma, amamera mbande zochuluka, n'kusunga zochepa zokha. Yunivesiteyi idatulutsa mtundu wa maapozi wa Haralson mu 1922. Mtundu wina wa Honeycrisp, womwe ntchito yake idayamba mu 1960, udafika kwa alimi mu 1991.