George Price anafa kutatsala mphindi ziwiri kuti mfuti zikhale chete

Pophunzitsa mbiri ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, funso limene silisowa ndi lakuti: ngati pangano losiya kumenyana analisaina m'mamawa pa 11 Novembala 1918, chifukwa chiyani anthu anapitiriza kuphana mpaka 11 koloko? Nkhani ya George Lawrence Price, msilikali wamba wa ku Canada, imayankha funsoli momvetsa chisoni.

Price anabadwa mu 1892 ku Nova Scotia, ndipo atakula anapita kukagwira ntchito ku Moose Jaw, m'chigawo cha Saskatchewan. Sanalowe usilikali mwa kufuna kwake. Pofika 1917 anyamata odzipereka okha anali atachepa, pomwe ku France asilikali ankatha tsiku ndi tsiku, choncho boma la nduna yaikulu ya Canada, Robert Borden, linakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kupita kunkhondo. Lamulolo ndi limene linamutenga Price n'kumuika mu bataliyoni ya 28 ya asilikali oyenda pansi.

Anafika pa nthawi yowawa. Kuyambira pa 8 Ogasiti 1918 ku Amiens, gulu lankhondo la Canada linali patsogolo pothamangitsa Ajeremani, ndipo m'masiku pafupifupi 100 amenewo asilikali ake oposa 45,000 anaphedwa, kuvulala kapena kusowa.

Pa 11 Novembala, cha m'ma 5 koloko m'mawa, nthumwi za Germany zinasaina pangano m'bogi ya sitima m'nkhalango ya Compiègne ku France, pamaso pa Marshal Foch, mkulu wa asilikali a mayiko olimbana ndi Germany. Anagwirizana kuti kuombera kuthe 11 koloko, kuti uthenga upeze nthawi yofika kumagulu onse. Kufalitsa uthenga masiku amenewo inali ntchito yaikulu: telefoni yamawaya inkathera kulikulu la gulu, kuchokera apo munthu ankathamanga ndi kapepala m'manja. Kuno ku Africa kunachedwa kuposa apa, moti mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anakagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala.

Koma kuchedwa kwa uthenga si chifukwa chokha. Panganolo linali longoimitsa kumenyana, mtendere weniweni unali usanakambidwe. Akuluakulu a asilikali ankaopa kuti likasokonekera nkhondo iyambiranso, ndiye aliyense ankafuna kuti 11 koloko imupeze ataima pamalo abwino: kutsidya kwa madzi, pamwamba pa chitunda, pamlatho.

M'mawa umenewo gulu la Price linafika pangalande yaikulu yamadzi yotchedwa Canal du Centre, pamudzi wa Ville-sur-Haine kufupi ndi Mons ku Belgium. Iye ndi anzake ochepa anawoloka kuti akafufuze nyumba zimene ankaganiza kuti mwabisala mfuti yachiwaya. Anapeza Ajeremani atachoka, m'nyumba muli eniake. Price atangotuluka pakhomo n'kuponda mumsewu, msilikali wina amene anabisala patali anamuombera pachifuwa. Anamukokera m'nyumba, koma anamwalira 10:58, ali ndi zaka 25. Amadziwika kuti ndiye msilikali womaliza wa mayiko a pansi pa Britain kuphedwa pangano lisanayambe kugwira ntchito. Manda ake ali ku St Symphorien kufupi ndi Mons, pamodzi ndi a John Parr, amene amati ndiye Mngerezi woyamba kufa pankhondoyi mu Ogasiti 1914. Zaka zinayi zakukhetsa mwazi zinabweza asilikali pamalo omwewo pamene anayambira.

Ine ndimaona kuti m'mawa umenewo kunalibe chifukwa chokwanira chopititsira anyamata patsogolo. Germany inali itatheratu mphamvu, mfumu yake itathawira ku Netherlands, ndipo panganolo lokha linkalamula asilikali ake kuchoka ku Belgium. Malo amene Price anafera akanawatenga m'masiku otsatira popanda chipolopolo ngakhale chimodzi.

Ku Canada nkhaniyi sinazizire msanga. Sam Hughes, amene kale anali nduna yoona za asilikali, anadzudzula mkulu wa gulu lankhondo la Canada, Arthur Currie, m'nyumba ya malamulo kuti anataya miyoyo pachabe. Mu 1927 nyuzipepala ya Port Hope Evening Guide inabwereza mawu amenewo pa za ku Mons, ndipo Currie anaisumira kuti yamuipitsira mbiri. Mlandu unazengedwa ku Cobourg mu 1928. Khoti linagamula kuti Currie analakwiridwa, koma pa madola 50,000 amene ankafuna linamupatsa madola 500 okha.