Kumayadi ndi kulokesheni: mmene lendi inasiyanirana m'mizinda ya Malawi

Munthu amene wasamutsidwa pa ntchito kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe amadziwira pa lendi kuti wafika kwina. Ndalama yomwe ankalipira nyumba yathunthu imangomupezera chipinda ndi balaza kuseri kwa nyumba ya mwini wake. Mu Lilongwe momwemo, Area 47 ndi Mtandire n'zoyandikana moti munthu amayenda wapansi, koma lendi ya mwezi umodzi mbali iyi ikhoza kulipira chaka chathunthu mbali inayo. Kusiyana kumeneku sikunangomera kokha. Kunachita kujambulidwa pa mapu, ndipo ojambulawo ankadziwa amene adzagone pati.

Zinayambira ku Blantyre. Amishoni a Church of Scotland atakhazikika kumeneko mu 1876, kenako amalonda a African Lakes Corporation n'kumanga ku Mandala, tauni inakula ngati malo a azungu ndi amwenye. Azungu anatenga zitunda zopita mphepo n'kumanga nyumba za mabwalo akuluakulu, komwe mpaka lero timati kumayadi. Munthu wakuda wololedwa kugona kumeneko anali wantchito wa m'nyumba, m'kanyumba ka kuseri. Ena onse, akalaliki, onyamula katundu, amisiri, ankachokera m'midzi yozungulira ngati Ndirande, kulawira m'mamawa ndi kubwerera dzuwa litapendeka. Boma la atsamunda linachedwa kwambiri kuganizira za nyumba za anthu akuda. Za ku Soche zinadzamangidwa m'zaka za m'ma 1950, tauni itakula kale, ndipo Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956.

Ufulu utabwera mu 1964, kunabadwanso Malawi Housing Corporation. Bungweli linamanga nyumba zobwereketsa, makamaka kwa ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani, komanso linkagawa mapuloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas. Apa ndi pofunika kuimapo, chifukwa lendi ya anthu wamba ambiri inabadwira pamenepa. Munthu ankapatsidwa puloti yopimidwa, ya chimbudzi chokumba ndi mpopi wapafupi wogawana ndi anzake, n'kumanga yekha ndi zomwe angakwanitse, kaya zidina kaya njerwa zootcha. Cholinga chinali banja limodzi pa puloti imodzi. Koma anthu obwera m'tauni anachuluka kuposa mapuloti, ndiye mwini puloti anaona mwayi: kuseri anamanga mdadada wa zipinda, khomo lililonse banja lake, onse chimbudzi chimodzi, bafa imodzi, chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Alandilodi a ku Zingwangwa, Bangwe, Kawale ndi Area 25 anayamba choncho. Sindikuwaona ngati adani. Ambiri ndi opuma pa ntchito kapena amayi amasiye omwe zipindazo ndiye penshoni yawo, ndipo ndi iwo anapezera anthu pogona pamene boma linalephera.

Lilongwe ili ndi mbiri yakeyake. Pa kalembera wa 1966 inali tauni ya anthu osakwana 20,000. Dr Hastings Kamuzu Banda ataganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, dziko la South Africa linapereka ngongole mu 1968, chaka chomwe kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation, ndipo pulani ya mzindawu inajambulidwa ndi akatswiri a konko. Likulu linasamuka mu 1975. Pulaniyo inagawa anthu motsatira thumba: Area 10, 12 ndi 43 kufupi ndi Capital Hill, mapuloti otakasuka ndi mitengo, Area 18 ndi 47 kwa apakatikati, anthu wamba kutali, monga ku Area 25 cha ku Kanengo. Pakati pa maderawa anasiya mipata ya tchire ndi misewu italiitali. Unali mzinda woganiziridwa munthu wa galimoto, m'dziko lomwe anthu ambiri amayenda wapansi.

Zotsatira zake n'zosadabwitsa. Mlonda, wophika ndi wosamalira maluwa a kumayadi sakanatha kulipira ulendo wautali tsiku ndi tsiku, choncho anafuna malo kwa mafumu m'mphepete mwa mayadiwo. Mtandire inakula pambali pa Area 47, Kauma kufupi ndi Area 12, Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Kumeneko kulibe pulani: tinjira topanikizana, ngalande zoyenda pakhomo, madzi ogula pa ndowa ku kiyosiki.

Pofika kalembera wa 2018, Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 989,000, Blantyre 800,000, Mzuzu 221,000, Zomba 105,000. Ziwerengerozi zikufotokoza zambiri za lendi, koma si zonse. Chachikulu ndi mtundu wa ndalama yomwe ikuzungulira mu mzinda. Ku Lilongwe kuli akazembe, mabungwe a m'maiko akunja ndi maunduna, makamaka kuchokera 2004 pamene Bingu wa Mutharika analimbikitsa kuti boma lonse likhale ku likulu. Bungwe lolipirira wantchito wake nyumba silinenerera mtengo, ndipo eni nyumba ena kumayadi amawerengera mtengo wawo pa dola. Apakatikati akalephera kumeneko amatsikira ku Area 25 kapena 49, n'kukankha amene anali kumeneko kupita ku Chinsapo kapena kunja kwenikweni kwa mzinda. Ku Zomba nkhani ndi ina. Tauni inatsala ndi asilikali, apolisi ndi yunivesite, yomwe inasamukira kumeneko mu 1973, moti ku Chikanda mtengo wa chipinda umayendera kalendala ya sukulu, ndipo eni nyumba ena amalipiritsa pa mutu wa wophunzira. Mzuzu, yomwe inayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung (yomwe njere zake amayengera mafuta) m'zaka za m'ma 1940 n'kudzakhala mzinda mu 1985, ikutsatira njira yomweyo pang'onopang'ono.

Chimene chimandipweteka n'chakuti lendi yotchipa ija siitchipa. Wokhala kutali amalipira minibasi kapena kabaza kawiri pa tsiku. Wogula madzi pa ndowa amawononga nthawi ndi ndalama zomwe wa mpopi wa m'nyumba saziganizira. Mita ya magetsi ikakhala imodzi pa mdadada wonse, mayunitsi akatha pamabuka mkangano wa amene ali ndi ayironi. Polowa nyumba, landilodi amafuna adivansi ya miyezi itatu, ejenti amene anakulozera nyumbayo akufunanso yake, pomwe palibe pepala lililonse losainirana. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti ndi malata zinakwera ndipo lendi inatsatira. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, koma ndalama imeneyi inali imodzimodzi kwa wa ku Lilongwe ndi wa pa boma la Ntchisi, ngakhale chipinda chawo sichifanana mtengo.

Mtengo wina umalipiridwa ndi moyo. Ku Blantyre malo athyathyathya anatha kalekale, ndipo osauka anakwera m'mapiri a Soche ndi Ndirande komwe puloti ndi lendi zinali zofikirika. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba cha ku Chilobwe, anthu ambiri n'kufa. Kuwauza anthu kuti atsike m'phiri n'koyenera, koma pansi pake lendi ndi yomwe inawathamangitsa poyamba.

Madera a Traditional Housing Areas anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kugawa mapuloti otchipa opimidwa bwino kunachepa kwambiri. Nyumba za Malawi Housing Corporation n'zochepa poyerekeza ndi mzere wa ozifuna, ndipo amene analowamo satulukamo wamba. Lero ofuna kuthawa lendi ku Lilongwe akugula malo cha ku Njewa ndi Chitipi, ku Blantyre cha ku Chileka ndi Lunzu, n'kumamanga pang'onopang'ono kudikira kuti msewu, madzi ndi magetsi zidzawapeze konko.