Musanagulitse mbale za nyimbo zimene anasiya malemu

Banja likamagawa katundu wa malemu, maso onse amakhala pa nyumba, munda ndi ziweto. Katoni ya mbale za galamafoni imene ili kunsi kwa bedi imaoneka ngati zinyalala, ndipo akangobwera wina n'kunena kuti "ndipatseni zonsezi ndikusiyireni ya sopo," nkhani imathera pomwepo. Ine ntchito yanga ndi yoika mitengo pa mbale zakale, ndipo chimene ndimauza banja lililonse n'chakuti musalole munthu kutchula mtengo inu musanadziwe chimene chili m'katonimo.

Mbale zambiri zakale si zodula, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa mbaleyo pamodzi ndi kuchuluka kwa oifuna, osati zaka zake. Mbale za woimba wa ku America Jim Reeves, zimene makolo athu ankazikonda kwambiri, zinapangidwa zambirimbiri ndipo zili mbwee padziko lonse, choncho sizibweretsa ndalama zenizeni. Koma madala amene anagwira ntchito ku migodi ya Johannesburg, ku Bulawayo kapena ku Copperbelt ankabwerako ndi mbale za kumeneko, ndipo zina mwa izo n'zosowa. Za ku Zambia za m'ma 1970, za magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, zinapangidwa zochepa, zambiri ku fakitale ya Teal ku Ndola, ndipo zochuluka zinawonongeka kalekale. Lero anthu a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan akuzisaka. Imodzi yokha yoyambirira, yosamalidwa bwino, ikhoza kuposa mtengo wa zina zonse za m'katonimo kuziphatikiza.

Mawu akuti "yoyambirira" ndi ofunika, chifukwa makampani monga Now-Again ya ku Los Angeles anadzapanganso mbale zomwezo posachedwapa, ndipo zatsopanozo n'zotchipa. Kuti musiyanitse, onani pepala lozungulira la pakati pa mbale: pali dzina la kampani ndi nambala ya mbaleyo. Palinso nambala ina yozokotedwa pa mbale yeniyeniyo, pa mpata wosalala wa pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepalalo. Ipendeketseni poyera, muiona. Manambala awiriwa muwafufuze pa Discogs, nkhokwe ya pa intaneti imene inayamba mu 2000 ndipo ogulitsa mbale padziko lonse amaidalira. Apa ambiri amasokera, chifukwa amathamangira mtengo umene ogulitsa ena akupempha. Munthu aliyense akhoza kupempha madola 500. Inu yang'anani mitengo imene mbaleyo inagulitsidwadi, ndipo mwa itatu imene imaoneka, wotsika, wapakati ndi wokwera, khulupirirani wapakati.

Ndiye pali nkhani ya mmene mbaleyo ilili, imene imapweteka mabanja ambiri. Ogula amatsata muyeso wa magazini ya Goldmine. Mbale yooneka ngati yatsopano amati Near Mint. Yokhala ndi timizere tochepa tosamveka poimba ndi VG+ (Very Good Plus), ndipo mtengo wake ndi pafupifupi theka la mtengo wa Near Mint. Yomveka kuthetheka pang'ono ndi VG (Very Good), imene imapeza gawo limodzi mwa anayi. Yokandika kwambiri, yolumphitsa singano, kapena yopindika ndi kutentha, imatsala ndi kamtengo kochepa chabe. Chikuto nachonso chimapimidwa pachokha, ndipo kwathu kuno chiswe, nkhungu ndi denga lodontha zimawononga zikuto kuposa mbale. Mbale zathu zambiri zinavinidwa pa maukwati ndi pa Khirisimasi ndi singano yakutha, kotero musadabwe zambiri zikagwera pa VG kapena kumunsi. Chilungamo chimafunikanso kumbali yanu: mukalemba kuti ndi VG+ pamene ndi yokandika, wogula adzaibweza ndipo ndalama yotumizira idzakhala yanu.

Musazikweche pofuna kuti ziwale. Sopo wa ufa, sipiliti ndi nsanza yokhakhala zimawononga. Makamaka zija zolemera, zosweka ngati mbale yadothi, zozungulira ka 78 pa mphindi, sipiliti amazisungunula. Ingoziimikani chilili pamthunzi, osazisanjikiza, ndipo kutsuka musiyire wogula.

Wogula wopikula, amene akukagulitsanso, kawirikawiri amapereka pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka la mtengo umene adzapeze. Kumeneku si kuba. Amaika mpamba wake, amatsuka, amajambula, ndipo mbale zina zimakhala chaka osayenda malonda. Kuba ndi pamene waona mbale yosowa n'kukhala chete, kuibisa m'mtengo wa katoni yonse. Kugulitsa nokha imodziimodzi kumabweretsa zambiri, koma kumafuna nthawi, makatoni olimba, ndalama yotumizira kunja imene nthawi zina imaposa mtengo wa mbaleyo, komanso njira yolandirira ndalama zakunja. Ine ndimalangiza kuti mupatule zochepa zamtengo wapatali, mugulitse pazokha kapena kudzera mwa m'bale wokhulupirika amene ali ku South Africa kapena ku Britain, ndipo zotsalazo mupikulitse. Funsani ogula awiri kapena atatu. Ndipo amene wakuwerengerani mtengo asakhale yemweyo wogula, ngakhale atakhala ine.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya pakhomo. Mbale zimenezi ndi chuma cha masiye ngati katundu wina aliyense. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa malemu, ndipo woyenera kugulitsa ndi amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, osati amene anayamba kufika pa katoni. Jambulani mbale iliyonse mbali zonse ziwiri, lembani mndandanda ndi mitengo, muutumize kwa olandira chuma onse, kuphatikizapo amayi amasiye ndi ana amene ali kutali. Mlongo wanu akafuna kusunga mbale imene bambo ankaikonda Lamulungu m'mawa, mupatseni. Ngati ili yodula, mtengo wake uchotsedwe pa gawo lake, onse atagwirizana. Amalume akafuna kugula zonse, agule pa mtengo umene akunja atchula. Malonda akatheka, lembani pa pepala dzina la wogula, chiwerengero cha mbale, ndalama ndi tsiku, wogula asaine pamodzi ndi achibale awiri, ndipo aliyense wolandira chuma akhale ndi chithunzi cha pepalalo.